Nyumba Zoyenda pa Matayala: Bwanji Eni Ake Sayenda Okha?

Mwezi wa Januwale ukafika, katauni ka Quartzsite, komwe kali m'chipululu cha Arizona ku America, kamadzaza ndi alendo. Anthu okhazikika kumeneko sakwana 3,000, koma m'nyengo yozizira kumakhamukira anthu zikwizikwi, ena kudzakhala masabata awiri, ena miyezi ingapo. Safunafuna chipinda cholipira chifukwa aliyense amafika ndi nyumba yake. Nyumbazo ndi magalimoto okhala ndi bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi m'kati mwake. Ku America amawatchula mwachidule kuti RV, kutanthauza galimoto yoyendera munthu akamapita kokapuma. Kuno kwathu timawaona mwa apo ndi apo, alendo odzaona malo akaima nawo m'mphepete mwa nyanja ku Cape Maclear kapena ku Chitimba.

Ku America si chinthu chachilendo. Mu 2021 mokha mafakitale a kumeneko anatulutsa ma RV oposa 600,000, ndipo mabanja oposa 11 miliyoni anali nayo. Ambiri amapangidwa mumzinda wa Elkhart ndi madera oyandikana nawo, m'chigawo cha Indiana.

Otsatsa malonda amakonda kujambula galimoto imodzi itaima payokha m'tsinde mwa phiri, popanda munthu wina pafupi. Uthenga wawo ndi woti ukagula RV wamasuka, sudaliranso wina aliyense. Koma mbiri ikusonyeza kuti eni magalimotowa akhala akukhazikitsa magulu kwa zaka zoposa 100, ndipo amene wangogula kumene amathamangira kwa anzake kukafunsa nzeru. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa kaye mmene nyumba yotereyi ilili.

Mitundu yake

Ma RV ali m'magulu awiri akuluakulu: okhala ndi injini yawo, ndi ochita kukokedwa. Mwa okhala ndi injini, aakulu kwambiri ndi a Class A. Amaoneka ngati basi ndipo ena amatalika pafupifupi mamita 14. Amamwa mafuta kwambiri, moti lita imodzi imangoyenda makilomita atatu kapena anayi. A Class B ndi aang'ono ngati minibasi. A Class C ali pakatikati, ndipo mungawazindikire ndi kachipinda kogona komwe kamatulukira pamwamba pa mutu wa dalaivala.

Ochita kukokedwa ndi amene ambiri timawadziwa kuti makalavani. Ena amakoledwa kumbuyo kwa galimoto wamba ngati ngolo. Ena, otchedwa fifth wheel, amakoledwa pa chitsulo chomangidwa pakati pa bodi ya pikiapu, monga mmene ngolo ya thiraki imakhalira pamsana pa mutu wake. Ubwino wa kalavani ndi woti mukafika pa msasa mumaimasula, galimoto n'kupita nayo kumsika, nyumba n'kutsala.

Mmene zinayambira

Chizolowezi choyenda ndi nyumba pongofuna kusangalala chinayamba magalimoto asanafale. Mu 1885 dokotala wina wa ku Scotland, William Gordon Stables, anapangitsa ngolo yogonamo yokokedwa ndi akavalo, yomwe anaitcha The Wanderer. Pofika 1907 anthu okonda maulendo otere ku Britain anali atakhazikitsa kale bungwe lawo, Caravan Club, lomwe lilipo mpaka lero.

Ku America zinakula pamodzi ndi galimoto yotchipa ya Ford Model T. Mabanja ankamangirira tenti ndi miphika pa galimoto n'kumalowera kum'mwera kothawa chisanu. Mu 1919 ena mwa iwo anakumana pa Desoto Park mumzinda wa Tampa ku Florida n'kuyambitsa gulu la Tin Can Tourists. Dzinali ena amati linachokera ku zakudya za m'zitini zomwe ankadya paulendo, ena amati linachokera ku dzina lachibwana la Model T. Chizindikiro chawo chinali chitini chowotcherera kutsogolo kwa galimoto, pa chivindikiro cha rediyeta, kuti akakumana pamsewu azidziwana. Pa zimene ankalimbikitsana panali kusiya msasa uli waukhondo ndiponso kukhala ndi khalidwe labwino, popeza eni matauni ambiri ankawakayikira apaulendo oterewa.

Wally Byam, yemwe anayambitsa kampani ya Airstream yopanga makalavani onyezimira a aluminiyamu, sankangogulitsa basi. Ankatsogolera makasitomala ake pa maulendo ataliatali a m'chigulu. Ulendo wake wotchuka unali wa mu Africa muno: mu 1959 makalavani 41 ananyamuka ku Cape Town kulowera ku Cairo, komwe anakafika chaka chotsatira. Misewu inali yoipa, zitsulo zinkathyoka, ankakokana m'matope, ndipo si onse amene anamaliza ulendowo. Banja limodzi palokha silikanafika patali.

Kenaka boma la America linayamba kumanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo, potsatira lamulo la mu 1956. Mu 1966 kampani ya Winnebago ya ku Forest City, Iowa, inatulutsa RV ya injini pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi anzake, ndipo anthu wamba anayamba kukwanitsa kugula.

Nyumba yofuna kuidziwa bwino

Munthu wokhala m'nyumba ya m'tauni amatsegula mpopi osaganiza komwe madzi achokera kapena komwe akupita. Mwini RV ndiye bungwe la madzi, kampani ya magetsi, wotaya zonyansa ndi makaniko, zonse pamutu pake. Apa m'pamene pagona nkhani.

Tiyambe ndi madzi. RV imakhala ndi mathanki atatu: ya madzi abwino, ya madzi ochokera ku sinki ndi kubafa, ndi ya zochokera kuchimbudzi. Mathanki awiri omalizawa amakhuthulidwa pa malo okonzedwera ntchitoyo, kudzera pa paipi imodzi. Odziwa amayamba ndi thanki ya kuchimbudzi, kenaka n'kutsegula ya kubafa kuti madzi a sopo atsuke paipiyo. Mlendo pa zimenezi amaganiza kuti akalumikiza paipi pa msasa ndi bwino kusiya thanki ya kuchimbudzi ili yotsegula. Zikatero madzi okha ndi amene amatuluka, zotsalazo zimaunjikana n'kuuma, ndipo kuzichotsa ndi ntchito yosasimbika. Langizo lomwe amapatsana ndi loti thankiyo izikhala yotseka mpaka itatsala pang'ono kudzaza. Kumadera a chisanu kuli vuto linanso: madzi akaundana amaphulitsa mapaipi, choncho nyengo yozizira isanafike amayenera kuwachotsa onse kapena kuthiramo mankhwala oletsa kuundana.

Magetsi nawo ali pawiri. Nyale ndi pampu ya madzi zimayendera mabatire a mavoti 12. Zipangizo zikuluzikulu zimafuna magetsi a mavoti 120, ochokera pa msasa kapena ku jenereta. Pamisasa pamakhala mapulagi a maampu 30 ndi a maampu 50. La maampu 30 limapereka mawati 3,600 okha, pamene la 50 limafika 12,000. Amene ali pa 30 akayatsa makina oziziritsa m'nyumba, ketulo ndi chotenthetsera madzi osamba nthawi imodzi, magetsi amazima. Amayenera kuphunzira kuwerengera chimene angayatse ndi chimene chidikire.

Kuphika ndi kutenthetsa m'nyumba amagwiritsa ntchito gasi. M'kanyumba kakang'ono kotseka, mpweya wa carbon monoxide wochokera ku jenereta kapena ku moto wosayaka bwino umapha munthu ali m'tulo, monga mmene mbaula ya makala imachitira m'chipinda chotseka mawindo. N'chifukwa chake ma RV amakhala ndi kachipangizo kolira kakamva mpweyawu, ndipo eni ake amakumbutsana kukayesa kawirikawiri. Mafiriji ambiri a m'ma RV amayenderanso gasi. Amagwira ntchito ngati mafiriji a parafini aja ankapezeka m'zipatala za kumudzi: kamoto kamatenthetsa madzi osakaniza ndi ammonia, omwe amazungulira m'timapaipi. Galimoto ikaima mopendekeka kwa nthawi yaitali firiji ili yoyatsa, madziwo sayenda bwino ndipo firiji imawonongeka. Choncho chinthu choyamba munthu akafika pa msasa ndi kuika timatabwa pansi pa matayala mpaka nyumba itakhala mowongoka.

Choopsa kuposa zonsezi ndi kulemera. RV iliyonse ili ndi malire a katundu amene wopanga analemba pa kachikwangwani ka pambali pake. Koma munthu akaona makabati opanda kanthu amafuna kuwadzaza. Amaiwala kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 200 ikadzaza yawonjezera kale makilogalamu 200, asanakweze zakudya, zida, njinga ndi anthu. Katundu akapitirira malire, mabuleki sagwira msanga ndipo matayala amatentha n'kuphulika. Kwa okoka kalavani, malo oika katundu ndi ofunikanso. Pa kulemera konse kwa kalavani, magawo 10 mpaka 15 pa 100 ayenera kutsamira pa chokolera. Katundu wolemera akachuluka kumbuyo, kalavani imayamba kuvina pamsewu, makamaka thiraki ikadutsa pafupi kapena kukawomba mphepo, ndipo imatha kugubuduza galimoto yoikokayo.

Matayala ali ndi chinsinsi chawo. Popeza RV imakhala miyezi yambiri itangoima, tayala lake limakalamba lisanaperepeseke. Limaoneka latsopano pamene mphira wake wayamba kale kung'aluka. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mwachitsanzo, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Woyendetsa ayeneranso kudziwa kutalika kwa galimoto yake kuchoka pansi kufika padenga, chifukwa milatho ina yodutsa pamwamba pa msewu ndi yaifupi, ndipo ikhoza kumweta denga lonse.

Zonsezi zili m'mabuku a malangizo, koma mabukuwo ndi ambiri: la galimoto, la firiji, la pampu, la jenereta, lililonse lochokera ku kampani yake. Wogulitsa amakuonetsani zonse kwa ola limodzi kapena awiri, inu mutu uli pa ulendo. Vuto limadzabuka usiku, kutali ndi galaja, ndipo kukonzetsa RV kumatha kutenga masabata. Ngati galimotoyo ndiyo nyumba yanu, mukagona kuti masabata amenewo? Munthu amene angakuthandizeni msanga ndi mnzanu woima pafupi, yemwe zinamuonekerapo kale. Safunsa anadya phula.

Magulu amene anabadwa pa kusowa kumeneku

Mu Julayi 1963 mabanja 26 anasonkhana ku Hinckley m'chigawo cha Maine kudzaonerera kadamsana. Ambiri anali atasandutsa okha mabasi akale kukhala nyumba, ndipo anali ndi zambiri zofunsana. Pamsonkhanowo anayambitsa bungwe la Family Motor Coach Association.

Gulu la Good Sam Club linayamba mu 1966, ndipo dzina lake linatengedwa ku fanizo la Msamariya wachifundo. Membala ankamata chizindikiro pa kalavani yake chosonyeza kuti ndi wokonzeka kuima ndi kuthandiza mnzake amene wavutika pamsewu. M'kupita kwa nthawi Good Sam inasanduka bizinesi yaikulu yogulitsa inshulansi ndi chithandizo cha pamsewu, zomwe zikusonyeza kuti ngakhale chifundo cha apaulendo amalonda amachipezera msika.

Gulu lomwe limaonetsa bwino kudalirana kumeneku ndi Escapees, lomwe Joe ndi Kay Peterson anayambitsa mu 1978. Iwo ankaganizira anthu okhala mu RV chaka chonse, opanda nyumba ina. Munthu wotere ali ndi vuto limene ambirife sitingaliganize: alibe keyala. Popanda keyala sangatenge laisensi, sangalembetse galimoto, sangagule inshulansi. Escapees inatsegula ofesi ku Livingston, Texas, yomwe imalandira makalata a mamembala n'kumawatumizira kulikonse kumene ali. Apaulendo ambiri amalembetsa ku Texas, Florida kapena South Dakota chifukwa zigawozi sizidula msonkho pa ndalama zimene munthu amapeza. Gululi linayambitsanso maphunziro a masiku angapo kwa ongoyamba kumene, ndiponso ntchito yoyeza RV pa sikelo tayala lililonse palokha, popeza galimoto ikhoza kukhala m'malire koma mbali imodzi italemedwa.

Ku Livingston komweko kuli malo otchedwa CARE, a mamembala amene akalamba kapena akudwala moti sangathenso kuyendetsa. Amaimika RV yawo pamenepo n'kupitiriza kukhalamo, akulandira chakudya ndi thandizo lopitira kuchipatala. Ambiri mwa owathandiza ndi apaulendo anzawo ongodzipereka.

Khalidwe la pa msasa

Anthu oyandikana motere amafunika malamulo, ena olembedwa, ena ongodziwika. Sudutsa pakati pa malo a mnzako pofuna kudula njira, chifukwa kabwalo kameneko ndi khonde lake. Jenereta ili ndi maola ake, ndipo usiku pamakhala bata. Munthu akamabwerera chambuyo ndi kalavani, nthawi yocheza naye sinakwane; mudikireni aimike kaye. Madzi akuda satayidwa pansi.

Malamulowa ali ndi chifukwa chooneka. Malo ambiri a boma kumadzulo kwa America, omwe amayang'aniridwa ndi nthambi ya Bureau of Land Management, amalola munthu kumanga msasa kwaulere, kawirikawiri kwa masiku 14. Pafupi ndi Quartzsite pali malo ena omwe munthu amalipira n'kukhala kuyambira pa 15 Sepitembala mpaka pa 15 Epulo. Masitolo ena akuluakulu amalolanso apaulendo kugona usiku umodzi pa malo oimika magalimoto. Mwayi wotere umatha anthu ochepa akausokoneza. Kumene zinyalala zachuluka, akuluakulu amatseka malowo, ndipo onse amavutika. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Si nzeru zonse za pa msasa zimene zili zoona. Wina amanena molimba mtima kuti wakoka kalavani yolemera ndi kagalimoto kakang'ono kwa zaka zambiri popanda ngozi, ndipo mlendo amakhulupirira. Wina amalangiza za mpweya wa m'matayala potengera galimoto yosiyana ndi yanu. Magulu okhwima amaphunzitsa anthu awo kusiyanitsa zinthu. Pa nkhani ya msasa wabwino kapena njira yokongola, mverani anzanu. Pa nkhani ya kulemera, matayala, gasi ndi mawaya, pitani pa sikelo, werengani zimene wopanga analemba, kapena itanani mmisiri. Wofunsa naye amaphunzira kufunsa bwino: kutchula mtundu wa galimoto, chaka chake, chimene chachitika ndi zimene wayesa kale.

Amene sanachite kusankha

Si onse okhala m'magalimoto amene ali pa tchuthi. Chuma cha America chitagwedezeka mu 2008, anthu ambiri analandidwa nyumba ndipo ena ndalama zawo za penshoni zinapita. Ena mwa iwo, makamaka achikulire, anasamukira m'maveni ndi m'makalavani akale chifukwa lendi inawakulira. Mtolankhani Jessica Bruder anayenda nawo n'kulemba buku la Nomadland, lomwe linatuluka mu 2017. Anafotokoza za anthu a zaka za m'ma 60 ndi 70 oyendayenda kufuna maganyu a nyengo: kulongedza katundu m'nyumba zosungiramo katundu za Amazon Khirisimasi ikamayandikira, kukolola mbewu ya beet yopangira shuga, ndi kuyang'anira misasa ya m'nkhalango. Filimu yochokera m'bukuli, yomwe anatsogolera Chloé Zhao, inapata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana mu 2021.

Kwa anthu amenewa kuphunzitsana ndi nkhani ya moyo. Bob Wells, yemwe wakhala m'veni kwa zaka zambiri, anayambitsa msonkhano wa Rubber Tramp Rendezvous ku Quartzsite. Kumeneko anthu amaphunzitsana kwaulere kulumikiza sola, kusunga kutentha usiku, kupeza ganyu, kukhala aukhondo popanda bafa, ndi kudziteteza, makamaka amayi oyenda okha. Motero m'chipululu chimodzimodzicho mumaima basi ya mtengo woposa nyumba ya m'tauni, ndipo chapafupi pali veni yakale ya munthu amene alibe kwina kopita. Onse amafunika madzi, malo okhuthulira thanki ndi mnzawo wodziwa kukonza pampu.

Kuyenda kothandiza ena

Ena mwa opuma pantchito amagwiritsa ntchito ufulu woyendawu potumikira. Bungwe la Habitat for Humanity lili ndi gulu la RV Care-A-Vanners, lomwe limayenda m'matauni kuthandiza kumanga nyumba za mabanja osowa. A mpingo wa Methodist ali ndi gulu lawo lotchedwa NOMADS. Mu mpingo wathu, bungwe la Maranatha Volunteers International, lomwe linayamba mu 1969 ndipo lamangapo matchalitchi ku Malawi ndi ku Zambia, limakhalanso ndi ntchito zokonza masukulu ndi malo a misonkhano ku North America, ndipo ambiri mwa odziperekawo amafika ndi ma RV awo. Izi zimapeputsa olandira alendo, popeza mmisiri wabwera ndi bedi ndi khitchini yake. Ngakhale pa misonkhano ya misasa kumeneko, pambali pa matenti pamakhala mizere ya malo oimikapo ma RV.

Kugula RV n'kosavuta kwa amene ali ndi ndalama kapena ngongole. Chovuta ndi chaka choyamba, pamene munthu amazindikira kuti nyumba yake imagwedezeka tsiku lililonse pamsewu, zomangira zimamasuka, denga limayamba kudontha, ndipo mtengo wake ukutsika ngati wa galimoto ina iliyonse. Ena amagulitsa msanga. Amene amapitiriza nthawi zambiri ndi aja anapeza anzawo owaonetsa kawerengedwe ka manambala a pa tayala ndi thanki yoyamba kutsegula, ndipo pakapita zaka zingapo iwonso amapezeka atagwada pambali pa kalavani ya mlendo, tochi ili m'manja.